Ndinalanda Dzina la Mlindanjuchi pa Intaneti

Kaphokoso kake ndimakamvabe mpaka lero. Kankayamba ngati munthu akuimba foni, tii, tii, tii, kenako kamluzu kowonda, kenako kukhuluza ngati wailesi yosowa siteshoni, mpaka kuti zii. Kukati zii, ndiye kuti kompyuta yalumikizana ndi intaneti kudzera pa waya wa foni. Achinyamata amene mwakhala kumbuyoko simunakamve. Ine poyamba ndinkakakonda. Pamapeto pake kankati kakangoyamba, manja anga ankatuluka thukuta.

Dzina langa ndine Levisoni, kwathu ndi kumapiri kufupi ndi Kasakula. Mwandipempha kuti ndinene mmene ndinalowera mu mowa ndi mmene ndinatulukira. Sindine munthu wolankhula, ndiye mundipirire. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi kalata m'thumba imene mukuopa kuitsegula. Inenso ndinayenda nayo yanga.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mayi anawatsatira mvula yotsatira. Anandilera ndi agogo a Nangondo, amayi awo a bambo. Ndinakula ndili mwana wongoyang'ana. Akuluakulu ankalankhula zawo ine ndili pompo, kuiwala kuti ndili ndi makutu.

Bambo anali mlimi wa njuchi. Ankasema ming'oma ya makungwa n'kukaipachika m'mitengo ya m'phiri, ndipo chifukwa chokhalitsa kumeneko anthu anawatcha Mlindanjuchi. M'phirimo mtengo si wa munthu, aliyense akhoza kupachika pamene wafuna. Koma mng'oma uliwonse umakhala ndi chizindikiro cha mwini wake, chosemedwa ndi kasemasema. Cha bambo chinali mizere itatu yopendekeka. Munthu akapeza mng'oma wodzaza uchi, kulibe womuona, akangoona chizindikiro cha mnzake amadutsa. Lamulo limeneli ndinalidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Bambo atamwalira, anzawo anapanga kalabu ya alimi a njuchi n'kuitcha Mlindanjuchi. Wapampando anali a Gwaza, mnzawo wa bambo kuyambira ubwana. Matipate atabwera, aliyense atayamba geni, kalabuyo inakula. Anakalembetsa dzinalo ku boma kuti likhale dzina la malonda awo, anayamba kuthira uchi m'mabotolo okhala ndi pepala, pa pepalapo dzina la bambo ndi mizere itatu ija. Ine ndinkawaona mabotolowo m'sitolo ku Lilongwe, nditavala nsapato zong'ambika, ndipo chinachake chinkandiluma. Chaka chilichonse a Gwaza ankabweretsa botolo limodzi lalikulu kwa agogo. Ine ndinkati mumtima: dzina lonse lija, malipiro ake botolo limodzi.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito yotaipa makalata pa ofesi ya bungwe lina pa Dowa. Kumeneko ndinadziwana ndi Kabeya, bambo wa ku Congo amene ankakhala ku msasa wa othawa kwawo ku Dzaleka. Kwawo anali mphunzitsi, kuno ankabwera kudzatikonzera makompyuta. Ndiye anandiphunzitsa intaneti. Anandifotokozera kuti tsamba lililonse pa intaneti limakhala ndi dzina lake, ngati chikwangwani cha pa sitolo, ndipo amene wayamba kulembetsa dzina ndiye amalitenga. Sakufunsa kuti ndiwe yani, umangolipira pang'ono pa chaka.

Ine ndinamva ngati akunena za kuswa mphanje: woyamba kugwetsa mitengo ndiye mwini munda. Tsiku lomwelo ndinafufuza dzina la Mlindanjuchi. Panalibe amene analitenga.

Kabeya anali ndi m'bale wake kunja amene anali ndi khadi ya ku banki yolipirira zinthu zotere. Nditamupempha, ananena kuti dzina limene lili kale pa mabotolo a anthu lili ndi eni ake. Ndinamuuza kuti ndi dzina la bambo anga. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Anandithandiza.

Zotsatira zake ndizinena mwachangu chifukwa sizokoma. Ndinapanga tsamba, ndinajambula pepala la pa botolo la kalabu n'kuliika pamenepo. Hotela ina ya ku Lilongwe inandilembera imelo poganiza kuti ikulembera kalabu. Sindinawauze kuti alakwitsa khomo. Ndinakagula uchi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndinauchulukitsa ndi shuga wowiritsa, ndinamata mapepala a dzina la kalabu pa mabotolo. Ulendo woyamba zinayenda. Wachiwirinso. Wachitatu uchi unasasa, mabotolo anachita thovu, ena anaphulika m'chipinda chawo chosungira zakudya. A hotela anapita kukakalipa ku kalabu, imene sinkadziwa kalikonse. Nkhaniyo inafika kwa munthu wina wa ku Ulaya amene anali pafupi kuyamba kugula uchi wa kalabu wochuluka, ndipo anati aima kaye.

A Gwaza anapalasa njinga kuchokera ku Kasakula mpaka pa Dowa, munthu wa imvi. Anaima pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja, anandipatsa moni ngati ndine bwana, n'kundipempha kuti ndibweze dzinalo. Ndinalephera kuwayang'ana. Ndinati ndiwayankha polemba. Atachoka ndinakhala pa kompyuta n'kutaipa kalata yoti dzinalo ndikhoza kuwagulitsa, ndipo ndinatchula mtengo wokwana kugula minibasi. Ndinasaina bwinobwino.

Ichi muchigwire, abale anga. Choipa chilichonse chimene ndinachita, ndinachita ndi zala. Pakamwa sindinatsegule ngakhale kamodzi.

Patapita miyezi iwiri galimoto ya amtengatenga inabweretsa envulopu yonenepa ngati njerwa. Munthu wa ku Ulaya uja anali atathandiza kalabu kukadandaula ku bungwe lakunja limene limaweruza mikangano ya mayina a pa intaneti. Ndinathamangira kwa Kabeya ku Dzaleka. Anawerenga ataima, ine ndikuyang'ana nkhope yake. Anati apolisi sabwera, khoti kulibe, sindidzaona nkhope ya munthu aliyense. Munthu mmodzi kwinakwake adzawerenga mapepala n'kugamula. Adzafunsa zinthu zitatu: kodi dzinali likufanana ndi dzina la malonda la odandaula, kodi wolitengayo ali ndi ufulu uliwonse pa dzinali, ndipo kodi analitenga ndi kuligwiritsa ntchito ndi mtima woipa. Ndinali ndi masiku makumi awiri oti ndiyankhe. Kenako anatsegula chakumapeto n'kundionetsa kalata yanga ya minibasi, atayijambula, siginecha yanga ili poyera.

"Unandiuza theka," anatero Kabeya. Anandibwezera envulopu ndi manja awiri.

Mukhoza kuganiza kuti kumva zoti apolisi sabwera kunandipepula. Ayi. Mlandu wa kumudzi umadziwa tsiku lake, umadziwa amene akhale pampando, ukhoza kutuma malume ako. Uwu unalibe nkhope. Njinga yamoto ikamadutsa ndinkadzidzimuka. Sabata yomweyo abwana anaona kuti kalata ya minibasi inalembedwa pa pepala la ofesi ndipo anandichotsa ntchito.

Ndinapita ku Mponela m'malo mopita kwathu. Kachasu ndinayamba kumwa kuti ndizilimba mtima ndikamawerenga mapepala aja. Posakhalitsa ndinkamwa osawerenga. Envulopu ndinkayenda nayo mkati mwa malaya, yakuda ndi thukuta. Ndinagulitsa wailesi, bulangete, kenako nsapato za ku ofesi. M'mawa uliwonse ndinkalowa mu telefoni byuro ina imene inali ndi kompyuta imodzi, kuti ndione ngati kwabwera uthenga, ndipo kaphokoso kaja kakayamba ndinkagwira m'mphepete mwa tebulo. Tsiku lina ndinadzuka dzuwa lili pamutu, nditagona mu ngalande kuseri kwa msika, mayi wina wogulitsa tomato akundikokera mwendo kuti madzi otsukira adutse. Chinthu choyamba chimene ndinagwira chinali envulopu. Inalipo. Ndinalira chifukwa inalipo.

Masiku atatsala asanu ndi limodzi ndinaona ngati ndapeza potulukira. Funso loyamba ndi lachitatu ndinali nditagwa kale. Koma lachiwiri, la ufulu pa dzina, linali ndi mpata. Ndine mwana yekhayo wa Mlindanjuchi. Ngati agogo akanachitira umboni kuti kalabu inangotenga dzinalo osapempha banja, mwina woweruza uja akanandimvera. Ndinataipa chikalata m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndinabwereka kabokosi ka inki yodindira chala, n'kukwera matola.

Inali nyengo yothyola fodya. Agogo ndinawapeza m'chigafa akusoka masamba, atatambasula miyendo, mulu wa fodya uli pambali. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ankasoka ndi zala zokha. Anandizindikira ndi mayendedwe.

"Amuna anga abwera," anatero, monga ankanditchulira kuyambira ndili mwana. Ananunkhiza m'mwamba. "Koma abwera ndi mkazi wina wa m'botolo."

Sindinaseke. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwapatsira masamba, awiriawiri, ngati kale. Tinasoka mwina ndodo zitatu. Kenako ndinatulutsa pepala n'kunena kuti pali chikalata cha boma chofuna chala chawo, nkhani yake ndi ya dzina la bambo, kuti lisatayike.

Sanafunse chilichonse. Anapukuta dzanja pa chitenje n'kutambasula chala chachikulu, chakuda bii ndi utomoni wa fodya. Anati inki yangayo ndisunge, chala chawo chada kale. Ndinagwira dzanja lawo. Linali lopepuka ngati tsamba louma. Ndinaliyandikitsa pa pepala.

"Ndidinda," anatero. "Koma undiwerengere kaye. Mokweza, makutuwa nawonso akalamba."

Ndinaganiza zowerenga zina zosalembedwa pamenepo, poti sakanaona. Koma mutu unali wopanda kanthu, mowa unali utatha m'thupi, ndipo chimene chinali patsogolo panga ndi mawu a pa pepala okha. Ndinayamba. Ine Nangondo, mayi wake wa malemu Mlindanjuchi, ndikuchitira umboni kuti. Mawu anga ankamveka achilendo m'chigafamo. Kuti a kalabu sanabwere kwa ine. Ndinaima. Ndinayambiranso mzere womwewo. Sanabwere kwa ine kudzapempha.

Vuto linali lakuti ine ndinalipo tsiku limene anabwera. Ndinali nditakhala kuseri kwa nkhokwe, mwana wongoyang'ana uja. Ndinaona a Gwaza ndi anzawo atatu atakhala pansi pabwalo, zipewa zili m'manja. Ndinaona nkhuku yoyera ya thadzi yomangidwa miyendo. Ndinamva agogo akulira, kenako akunena kuti dzina la mwana wawo lisagone m'manda, alitenge likagwire ntchito. Zaka zonsezi ndinali nditachisunga chithunzi chimenecho penapake pamene sindinkayang'anapo.

Chala chawo chinali chikadali m'mwamba, chikudikira. Sanachibweze. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti ndikanamaliza kuwerenga, akanadinda. Akanadinda bodza chifukwa ndine amene ndapempha, n'kupita nalo kumanda. Ichi ndi chimene chinandiopsa kuposa envulopu.

"Wasiyiranji?" anafunsa.

Ndinati sindingathe.

Anatsitsa dzanja n'kutola singano yawo. Anasoka masamba angapo. Kenako ananena, osati mokalipa, kuti thadzi lija linaswa anapiye kasanu, ndipo mazira amene ndinkanyamula popita kukalemba mayeso anali a zidzukulu zake. Ananenanso za botolo la chaka ndi chaka. Ine ndinkaliyesa mphatso ya chisoni. Anati ayi, ming'oma ya bambo ikadali m'phiri ndi mizere yake itatu, a Gwaza amaisamala, ndipo uchi wa m'menemo sanauthirepo mu mgolo wa kalabu ngakhale kamodzi. Umabwera wonse kunyumba kwa mwini chizindikiro. Ming'oma inatsala yochepa, n'chifukwa chake botolo limakhala limodzi.

Anthu amene ndinawabera anali akusunga lamulo la m'phiri pa ine zaka zonsezo. Ine ndinapeza mng'oma wawo wodzaza, chizindikiro chili poyera, n'kuufula.

Pepala lija ndinaling'amba. Agogo anati ndisataye, ayatsira moto.

Tsopano mmene ndinabwererera, chifukwa kulira m'chigafa sikunakonze kanthu. Masiku anali atatsala asanu.

Choyamba ndinabwerera kwa Kabeya n'kumuuza theka lina lija. Anandiuza kuti mlandu wotere ukhoza kuimitsidwa ngati mbali ziwiri zagwirizana, koma opempha kuti uime ayenera kukhala odandaula. Kunena kwina, panalibe njira yodutsa pa kompyuta yokha. Ndinayenera kukaonekera kwa a Gwaza.

Ndinafika pa mlatho wa kufupi ndi kwawo kawiri n'kubwerera. Kachitatu ndinawoloka chifukwa agogo anandiuza kuti ndikabwereranso andiperekeza okha ndi ndodo yawo, anthu aone. Ndinapeza kalabu yonse ili pa shedi yawo, akusefa uchi. Mayi wina atandiona anafunsa anzake ngati ndine katswiri uja wosandutsa uchi kukhala thobwa. Ena anaseka, ambiri sanaseke. Bambo wina anati mlandu usaime, dziko lonse liwerenge dzina langa pa chigamulo, poti zigamulo zake amaziika poyera.

Ndinali nditalemba zoti ndinene, koma pepalalo sindinalitulutse. Ndinaima n'kunena ndi pakamwa zonse, shuga, mapepala omata, kalata ya minibasi, ngakhale chikalata chimene ndinapita nacho kwa agogo. A Gwaza anamvetsera akuyang'ana pansi. Nditamaliza anati a kalabu akambirana, ine ndidikire kunja. Ndinadikira pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, njuchi zikundizungulira, osadziwa ngati andiiwala dala.

Anavomera kuimitsa mlandu, koma anaika zawo. Dzina ndibweze lonse popanda kupempha kanthu. Ndilembe kalata ku hotela ndi kwa wogula wa ku Ulaya yonena kuti uchi wosasa unali wanga, ndipo ndiiwerenge mokweza pamaso pa kalabu ndisanaitumize. Ndinachita zonsezo. Kusamutsa dzina kunatenga masabata angapo, mafomu, mawu achinsinsi, kudikira. Kabeya ankakhala pambali panga mu byuro, kaphokoso kaja kakamalira ankandiuza kuti ndipume.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera m'malo. Hotela ija sinagulenso uchi wa kalabu. Wa ku Ulaya anadikira nyengo yathunthu asanayambe kugula, ndipo mabanja ena anavutika chaka chimenecho chifukwa cha ine. Mowa sindinasiye tsiku limodzi. Ndinagwanso kawiri, ndipo kawiri konseko agogo anandinunkhiza ndisanafike pakhonde. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinasiya kupita ku Mponela ndekha, ndipo m'mawa uliwonse, nthawi imene manja ankafuna botolo, ndinkawapatsa singano ya fodya.

Kwa inu amene muli ndi envulopu yanu, kaya ndi ya khoti, ya kuntchito, kaya ya kuchipatala, itseguleni lero, musanamwe, pali munthu wina pambali. Ine masiku khumi ndi anayi ndinawataya mu ngalande. Ndipo chilichonse chimene mwalemba chokhudza munthu wina, muchiwerenge mokweza pamaso pa munthu amene anakusambitsani muli mwana. Mukaona kuti mawu akukanika kutuluka, musatumize.

Dzina litasamuka ndinapita ndi pepala lotsimikizira kwa a Gwaza. Analiyang'ana, analipinda, analiika m'thumba la jekete n'kunena kuti zikomo. Basi. Za kukhululuka sananene. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndipo kwa masabata awiri ndinkapewa njira yodutsa pa shedi. Tikakumana kutchalitchi ankandipatsa moni wa anthu onse.

Tsiku lina m'mawa kukuwaza mvula, ndili m'chigafa kupachika ndodo za fodya, ndinamva belu la njinga. Anali a Gwaza. Ndinaganiza kuti kwabwera envulopu ina. Agogo anawaitana kuti alowe ausepo mvula, iwo anati akuthamangira. Sanatsike n'komwe, anangoponda pansi ndi mwendo umodzi. Anamasula kathumba ka feteleza kamene kanali pa kaliyala n'kundipatsa. Kanali kolemera mbali imodzi. Nditatsegula ndinapeza kasemasema wakale, mpini wake wosalala ndi manja, pa mpinipo mizere itatu yopendekeka.

"Ming'oma iwiri ya bambo ako yawola," anatero. "Makungwa akusendeka bwino mwezi uno. Loweruka m'mawa, pa mlatho. Ubwere osanunkha, njuchi sizigwirizana ndi kachasu."

Pamene ndinkakweza maso, anali atakankha kale njinga, akutsetsereka ndi njira ya kudambo, chipewa chikudontha madzi.